Bambo ake ali ku okushoni: ndimuuze chiyani mwanayu za fodya?

Funso: Ndine mphunzitsi wa Sitandade 7 pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Mzuzu. Ndikuphunzitsa za kuipa kwa fodya m'phunziro la Life Skills, mnyamata wina anaimika mkono n'kundifunsa kuti, "Madamu, ngati fodya ndi woipa, bwanji ndi amene amandigulira yunifomu ndi makope? Bambo anga ali ku okushoni panopa." Kalasi yonse inaseka, ine n'kusowa chonena. Sabata yomweyo tinapeza anyamata atatu akusuta kuseri kwa zimbudzi. Kodi ana amsinkhu umenewu tingawaphunzitse bwanji kuti amve zenizeni, osati kungoloweza za mayeso?

Yankho: Madamu, mwana ameneyo musamuone ngati wamwano. Wanena zoona, ndipo anzakewo aseka chifukwa nawonso akudziwa kuti ndi zoona. Mzinda wa Mzuzu uli ndi umodzi mwa misika inayi ikuluikulu ya fodya m'dziko muno, pamodzi ndi Limbe, Kanengo ndi Chinkhoma. Msika ukatsegulidwa ana amaona okha magalimoto odzaza mabelo akuchokera ku Rumphi ndi ku Mzimba, amaona malata atsopano pa nyumba za anansi, amamva akuluakulu akudandaula za mitengo ndi mabelo obwezedwa. Kwa zaka zambiri fodya wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zimene dziko lino limapeza. Ndiye mukaima kutsogolo n'kunena mwachidule kuti "fodya ndi woipa", mwana wa mlimi amamva kuti mwatukwana bambo ake. Akatero amatseka makutu, ndipo zonse zimene munganene pambuyo pake zimangodutsa.

Mukabwerera m'kalasimo yambirani pomwepo, ndipo mumuthokoze pamaso pa anzake chifukwa cha funso lake. Muuzeni kuti bambo ake ndi munthu wolimbikira ntchito, kuti kuchokera ku nazale mpaka kudinda belo ndi thukuta la miyezi yambiri, ndipo phunziro lanu silikukhudza zoti iwo asiye kapena apitirize ulimi. Kenaka mufunseni kuti, "Kodi mankhwala amene bambo ako amapopera m'munda amathandiza? Nanga anayamba akupatsapo kuti ulawe?" Chinthu chikhoza kubweretsa chakudya pakhomo koma chili chosayenera kulowa m'thupi. Muonjezere kuti fodya wa bale amene timalima pafupifupi yense amapita kunja, ndipo alimi ambiri amene amamulima sasuta n'komwe. Ngati mukufuna umboni, apatseni ana ntchito yokafunsa kunyumba kuti, "Kodi mungakonde kuti ine ndidzayambe kusuta?" Sindikukayika kuti mayankho amene adzabwere, ngakhale ochokera kwa makolo osuta, adzakuthandizani kuposa buku.

Tsopano pali nkhani imene aphunzitsi ambiri sakonda kuimva. Phunziro la m'kalasi palokha ndi lofooka. Ku America, m'boma la Washington, ofufuza anatsatira ana oposa 8,000 kuyambira ali aang'ono mpaka atamaliza sekondale. Theka la anawo linkalandira maphunziro okonzedwa bwino a kupewa fodya chaka ndi chaka, theka lina ayi. Zotsatira zitatuluka mu 2000, chiwerengero cha osuta chinali chofanana mbali zonse ziwiri. Mu 2013 akatswiri a bungwe la Cochrane anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana wokhudza ana oposa 140,000, ndipo anapeza kuti maphunziro a kusukulu amachepetsa oyamba kusuta ndi pafupifupi 12 pa 100 alionse. Phindu lilipo ndithu, koma si lalikulu, ndiponso silinachokere ku maphunziro amtundu uliwonse. Kungouza ana kuopsa kwa fodya sikunaonetse kusintha. Chimene chinathandiza ndi maphunziro olimbitsa mwana yense: kudzidalira, kudziwa kupeza anzake ndi kuwasunga, kupirira akapsa mtima kapena akakhumudwa, kuganiza asanachite, kuphatikizapo kuzolowera kukana akamakakamizidwa. Mwamwayi zimenezi ndi zomwe Life Skills inakhazikitsidwira. Vuto n'lakuti timaiphunzitsa ngati mndandanda woloweza, "tchulani zoipa zisanu za kusuta", mwana n'kukhoza zonse zisanu, madzulo ake n'kukakoka ndudu ku vidiyo sho.

Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Mwana wa zaka 12 mukamuuza za khansa ya m'mapapo imene idzamugwire ali ndi zaka 60, kwa iye mukunena za munthu wina amene sakumudziwa. Ndiponso m'kalasi iliyonse mumakhala mwana amene ali ndi agogo osuta chingambwe kuyambira kalekale, ndipo mpaka pano akulima. Mukanena kuti aliyense wosuta amafa msanga, mwana ameneyo wakugwirani bodza, ndipo sadzakukhulupiriraninso. Nenani monga zilili. Madokotala a ku Britain, Richard Doll ndi Bradford Hill, anaonetsa mu 1950 kuti kusuta kumayambitsa khansa ya m'mapapo, kenaka kafukufuku wawo anatsatira madokotala anzawo kwa zaka 50. Anapeza kuti osuta moyo wawo wonse amafa msanga ndi zaka pafupifupi 10 poyerekeza ndi osasuta, ndipo pafupifupi theka la iwo amaphedwa ndi matenda obwera ndi fodyayo. Ndiye kuti theka lina limapulumuka, agogo aja ali m'gulu limeneli. Mufunseni mwanayo kuti anzawo a agogowo amene ankasuta nawo limodzi ali kuti. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse padziko lonse, ndipo oposa miliyoni imodzi mwa iwo ndi anthu osasuta amene ankangopuma utsi wa ena. Manambala amenewa atchuleni kamodzi, musakhalitsepo.

Khalitsani pa zimene zimachitika lero ndi mawa. Mu utsi wa ndudu muli mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amadziwika kuti amayambitsa khansa, koma kwa ana a Sitandade 7 atatu akukwana. Woyamba ndi phula, amene amadetsa zala ndi mano n'kumatirira m'njira za mpweya. Wachiwiri ndi mpweya wa carbon monoxide. Ana a ku Mzuzu amaudziwa ngakhale sadziwa dzina lake, chifukwa ndi womwewo umene umakomola anthu akalowetsa mbaula ya makala m'nyumba yotseka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi. Umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi, n'chifukwa chake wosuta amafulumira wefuwefu akathamanga. Kwa mnyamata amene maloto ake onse ali pa mpira, mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa chithunzi cha mapapo owola. Mutha kuwatulutsa panja, athamange pang'ono, kenaka ayese kupuma kudzera m'kapaipi komwera zakumwa atatsina mphuno kwa kamphindi, amve mmene munthu wa mapapo oonongeka amapumira tsiku lonse. Ana odwala mphumu asachite nawo.

Wachitatu ndi chikonga, chimene madokotala amati nikotini, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu akakoka utsi, chikonga chimafika ku ubongo m'masekondi pafupifupi 10. Ubongo umamva kukoma pang'ono, kenaka umasintha kuti uzolowere, ndipo chikonga chikachepa m'magazi munthu amayamba kunyong'onyeka, kukwiya msanga, kulephera kuika maganizo pa chimene akuchita. Chimenecho ndiye chibaba. Akasutanso amamva ngati mtima wakhala pansi, n'kumanena kuti fodya amachotsa nkhawa, chonsecho nkhawayo waibweretsa ndi fodya yemweyo. Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 25, ndiye wa mwana umakodwa msanga kuposa wa wamkulu. Ana ena amayamba kumva chibaba asanafike n'komwe posuta tsiku lililonse. N'chifukwa chake pafupifupi onse amene amasuta ali akuluakulu anayamba ali achinyamata. Ku America, komwe anawerengetsa bwino, pafupifupi 9 mwa 10 alionse anayamba asanapitirire zaka 18. Makampani a ndudu amadziwa zimenezi kuposa inu ndi ine. Zikalata zamkati za kampani ya Philip Morris, zimene zinaululika pa milandu ya ku America, zili ndi lipoti la 1981 lonena kuti wachinyamata walero ndiye kasitomala wokhazikika wa mawa. Ana amsinkhu wa kalasi yanu amadana kwambiri ndi kupusitsidwa. Mukawaonetsa kuti pali anthu akuluakulu a masuti amene akuwerengera kuti iwo akodwe, ambiri zimawakwiyitsa, ndipo mkwiyo umenewo umawateteza kuposa mantha.

Ndalama nazo zimalankhula. Musawauze mtengo, afunseni iwo, amaudziwa. Alembe pa bolodi mtengo wa ndudu imodzi pa okala, achulukitse ndi 5 pa tsiku, kenaka ndi masiku 365. Zimakwana ndudu 1,825 pa chaka. Kenaka awerengetse kuti ndalamazo zingagule mapeyala angati a nsapato za mpira kapena matumba angati a chimanga. Mwaphunzitsa masamu ndi Life Skills pa piriyodi imodzi.

Chinthu china chosafuna ndalama koma champhamvu ndi ichi. Afunseni kuti alembe pa kapepala, popanda dzina, kuti mwa amuna 100 a m'Malawi muno akuganiza kuti osuta ndi angati. Ana nthawi zambiri amatchula manambala okwera, chifukwa wosuta amaoneka, amaima pa depoti kapena pa siteji ya kabaza utsi uli tolotolo, pamene osasuta amangodutsa osaonedwa. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amuna a zaka 15 mpaka 49, osuta ndi pafupifupi 12 pa 100, ndipo mwa amayi ndi pafupifupi mmodzi yekha. Mwana amene amaganiza kuti "amuna onse amasuta" amaona ndudu ngati khomo lolowera ku uchikulire. Akazindikira kuti amuna ambiri amene amawasirira sasuta, khomo lija limataya ulemerero. Pachifukwa chomwechi, pewani kuyamba phunziro ndi mawu akuti "masiku ano achinyamata ambiri akusuta". Mumakhala mukulengezetsa malonda osadziwa.

Ndifike pa kukana, pamene ndikufuna kuti muthere nthawi yambiri. Ndudu yoyamba mwana sagula. Amapatsidwa ndi mnzake kapena mkulu wake, pamalo pamene pali anzake akumuyang'ana, ndipo amakhala ndi kamphindi kochepa kuti ayankhe. Pa kamphindi kameneko saganiza za mapapo. Amaganiza zoti akakana amuseka, amutcha mwana wa amayi, mawa samuitananso ku mpira. Ndiye chimene akusowa ndi mawu okonzeratu amene angatuluke okha pakamwa, komanso omusiya ali ndi ulemu wake pakati pa anzake. Mawu a m'buku akuti "Ayi, kusuta n'koipa pa thanzi langa" palibe mwana wa ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa amene angawanene kwa anzake osasekedwa. Alekeni apeke okha. Agaweni m'magulu a anayi kapena asanu, mmodzi akhale wokakamiza, ndipo mumulole akakamize zenizeni monga zimakhalira: "Aise, tangokoka kamodzi, ukuopa chiyani?", "Kuzizira konseku, imeneyi imatenthetsa", "Ukakatinenera eti?" Winayo ayankhe m'njira yake. Mudzamva mayankho monga "Ine ayi man, mawa ndili ndi gemu", "Zimandipweteketsa mutu zimenezo", "Madala akandinunkhiza ndatha", kapena kungoseka n'kunena kuti "Sutani inu olemera." Ena amasankha kungoti "Ndikubwera" n'kuchoka. Onsewa ndi mayankho abwino. Kunamizira ukali wa makolo si tchimo pamenepa, ndipo muwauze makolowo kuti alole mayina awo agwiritsidwe ntchito chotero.

Masewerowa achitike m'chilankhulo chimene ana amalankhula kunja kwa geti. Ndikudziwa kuti ku Sitandade 7 mumaphunzitsa m'Chingerezi, koma amene adzamupatse ndudu mwanayo adzalankhula Chichewa kapena Chitumbuka, mwinanso zosakaniza, ndipo yankho lophunziridwa m'Chingerezi silidzabwera pa nthawi yake. Musinthanitsenso mbali, aliyense alawe kukakamiza ndi kukakamizidwa. Kenaka onjezani munthu wachitatu, mnzake woima pambali amene ntchito yake ndi kungonena kuti, "Musiyeni, wakana," kapena "Inenso sindikufuna, tiye tizipita." Gawo limeneli aphunzitsi ambiri amaliiwala, koma ndi limene limasintha zinthu, chifukwa kukana uli wekha pakati pa anthu asanu n'kovuta ngakhale kwa ife akuluakulu, pamene mukakhala awiri gululo lagawikana kale. Atsikana musawasiye kuti azingoonerera. Nawonso amapatsidwa, makamaka ndi zibwenzi zokulirapo, ndipo luso lokana ndudu ndi lomwelo limene adzakanire zinthu zina zoopsa kuposa ndudu. Ndipo musachite kamodzi n'kuchonga m'buku kuti mutu watha. Mphindi khumi, kangapo pa teremu, kuyambira Sitandade 5 mpaka 8, zimaposa tsiku limodzi lalikulu la ndakatulo ndi magule.

Pali njira ina imene inayesedwa ku England ndi Wales, yotchedwa ASSIST, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2008. M'masukulu 59, ana a zaka 12 ndi 13 anafunsidwa kuti atchule anzawo amene amawalemekeza ndi kuwamvera. Otchulidwa kwambiriwo anaphunzitsidwa kwa masiku awiri, kenaka anangouzidwa kuti azicheza ndi anzawo za fodya m'macheza wamba, panjira kapena pa nthawi yopuma. Kusuta kunachepa m'masukulu amenewo poyerekeza ndi ena. Chimene ndikufuna muone n'chakuti osankha anali ana, osati aphunzitsi. Tikasankha ife timatenga mapulifekiti ndi ana a nambala wani, amene anyamata a kuseri kwa zimbudzi sawamvera n'komwe. Ana akasankha okha amatchula kapiteni wa timu, mtsikana wanthabwala wa kumbuyo, mwinanso mmodzi mwa atatu munawagwira aja. Musadabwe zikatero, ndipo musamuchotse pa mndandanda.

Zonsezi zidzapita pachabe ngati ife akuluakulu tipitiriza kuika ndudu m'manja mwa ana. Taonani mmene zimakhalira m'makomo mwathu: "Iwe, thamanga pa okala ukandigulire ziwiri." "Tenga iyi ukandiyatsire kukhitchini." Mwana woyatsa ndudu pa khala la moto amayenera kukoka kuti igwire, ndipo ena mwa amene amasuta lero anayambira pamenepo. Nkhani imeneyi itengereni ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, ku komiti ya sukulu ndi ku mother group. Musawapemphe makolo kuti asiye kusuta, pakuti ambiri anayesapo n'kulephera ndipo angomva manyazi. Apempheni zinthu zimene angathe mawa lomwe: asatume mwana kukagula kapena kuyatsa fodya, asasiye zotsalira za ndudu poti mwana angatole, ndipo azisutira panja ngakhale kukuzizira. Kuno kwathu chifunga chikagwa timatseka zitseko ndi mawindo, ndipo utsi wa munthu mmodzi umapumidwa ndi nyumba yonse. Kwa ana aang'ono utsi umenewu umaonjezera chibayo, mphumu ndi matenda a m'makutu. Kwa wosuta mwiniwake, fodya amachulukitsa pafupifupi kawiri chiopsezo chodwala chifuwa chachikulu, ndiponso ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimayambitsa khansa ya kummero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko amene yafala kwambiri padziko lonse.

Ogulitsa nawonso akufunika kuwayendera. Paketi yathunthu mwana sangaikwanitse, koma ndudu yogulitsidwa imodziimodzi, yoikidwa pa benchi limodzi ndi maswiti ndi mabisiketi, imakwanira pa ndalama yogulira chitumbuwa. Malawi analowa m'pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya mu 2023, patatha zaka 20 chikhazikitsireni panganolo mu 2003, ndipo gawo 16 la panganoli limapempha mayiko kuletsa kugulitsa fodya kwa ana ndi kuyesetsa kuthetsa kugulitsa ndudu imodziimodzi. Koma pepala losainidwa ku Geneva kapena ku New York silingaime pa geti ya sukulu yanu. Amene angaime pamenepo ndi ahedi, wapampando wa komiti ndi mfumu ya m'deralo, atapita mwaulemu kukacheza ndi mavenda ndi eni maokala oyandikana ndi sukulu. Ambiri mwa iwo ali ndi ana pa sukulu yomweyo. Ndingoonjezera pang'ono kuti ngati kampani ya fodya itadzabwera ndi mabuku kapena zikwangwani zophunzitsira ana kupewa kusuta, muziganize kawiri. Uthenga wawo nthawi zambiri umati "kusuta ndi kwa akuluakulu", ndipo palibe mawu okopa mwana wa zaka 13 kuposa amenewo.

Pali ngozi ina imene mabuku ochokera kunja satchula kawirikawiri, koma ikukhudza ana anu mwachindunji. Chikonga sichilowa ndi utsi wokha, chimalowanso pakhungu. Mwana akamathyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula, kunyamula masamba m'khwapa kupita nawo ku chigafa, kapena kusoka tsiku lonse, chikonga chimalowa m'magazi. Amayamba chizungulire, mutu, nseru, kusanza ndi kufooka, ndipo kunyumba amangoti ndi malungo kapena dzuwa lamuwomba. Lipoti la bungwe la Plan la 2009 lokhudza ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Malawi linanena kuti pa tsiku la chinyezi mwana angalowetse m'thupi chikonga chofika mamiligalamu 54, chofanana ndi cha ndudu pafupifupi 50. Malamulo a ntchito m'dziko muno amaletsa kugwiritsa ana osakwana zaka 18 ntchito zoika thanzi lawo pangozi. Mwina mwa ana anu alipo amene amapita kumudzi pa holide ya Isitala kapena kujomba m'miyezi yothyola. Aphunzitseni zizindikirozi, ndipo adziwe kuti zikachitika ayenera kuchoka m'mundamo, kuvula zovala zonyowazo, kusamba ndi sopo, kumwa madzi ambiri, ndipo kusanza kukapitirira apite kuchipatala n'kukanena kuti amagwira fodya. Phunziro limeneli mnyamata wanu uja adzalimvetsera kuposa wina aliyense, chifukwa likuteteza banja lake m'malo molinyoza.

Musaiwale kuti fodya si ndudu yokha. Wofwenkha m'mphuno ndi wakale pakati pathu mpaka analowa m'mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Palinso woika mkamwa, monga ngirimbo wodziwika cha ku Chitipa, ndipo m'matauni mwabwera shisha (fodya wokokera m'chipaipi chodutsa m'madzi) ndi ma vape (ndudu zamagetsi) onunkhira ngati zipatso. Ana amaganiza kuti chopanda utsi, kapena cha utsi wonunkhira bwino, n'chosaopsa. Zonsezi zili ndi chikonga, kupatula ma vape ochepa, ndipo woika mkamwa amaononga nkhama ndi kuonjezera chiopsezo cha khansa ya mkamwa. Kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, ngati aphunzitsi anzanu angafunse, zochepa zikukwana: utsi umapweteka m'chifuwa, usatole chotsalira cha ndudu, ukhoza kuchoka pamalo pamene pali utsi. Ndipo muwauze momveka kuti munthu wosuta si munthu woipa, kuopa kuti angakafike kunyumba akulira kuti bambo awo afa mawa.

Tsiku la 31 Meyi ndi lokumbukira kupewa fodya padziko lonse, ndipo kuno limagwa msika wa fodya uli pakati. Ligwiritseni ntchito ngati mukufuna, koma mosamala ndi mawu a pa zikwangwani. "Utsi ayi pa sukulu pathu" ndi uthenga umene mlimi angauombere m'manja. Ndipo lamulo limenelo likhudze aliyense, aphunzitsi, alonda, amisiri omanga ndi alendo omwe. Mphunzitsi mnzanu wosuta musamuthawe. Ngati angalimbe mtima n'kuuza ana kuti anayamba ali ndi zaka zingati, wayesa kangati kusiya ndipo chibaba chimamuchita chiyani, ameneyo adzaphunzitsa bwino kuposa tonsefe.

Za anyamata atatu aja. Musawaimike pa asembule, musawakwapule, ndipo musawathamangitse sukulu. Kuwachititsa manyazi pagulu kumawapatsa dzina, ndipo mwana akapatsidwa dzina la "osuta aja" amayesetsa kulikwaniritsa. Kuwaimitsa sukulu ndiye kuwapatsa tsiku lonse loti akakhale ndi anthu omwe anawaphunzitsa kusutawo. Aitaneni mmodzimmodzi, poti ena sakumva, ndipo mufunse kwambiri kuposa kulankhula: anayamba liti, amasuta kangati, ndani amamupatsa, ndalama amazipeza kuti, kunyumba kuli bwanji. Funso lothandiza kwambiri ndi lakuti, "Ukakhala tsiku lonse osasuta, umamva bwanji?" Akati palibe chimene amamva, ndiye kuti akadali poyesa, ndipo kucheza naye, kudziwitsa kholo mofatsa ndi kumupatsa chochita monga mpira, kwaya kapena udindo wina m'kalasi nthawi zambiri kumakwana. Akati amasowa mtendere, amakwiya kapena amalephera kumvetsera m'kalasi, chibaba chayamba. Muuzeni zoona kuti masiku atatu kapena anayi oyamba ndiwo ovuta kwambiri, kuti pakatha milungu iwiri kapena inayi thupi limakhazikika, ndiponso kuti chilakolako chikabwera chimatha pakapita mphindi zochepa ngati atamwa madzi, kuyenda kapena kupita pamene pali anthu osasuta. Akagwa n'kusutanso, ayambirenso, osati kumutaya.

Funsaninso mosazungulira ngati chimene ankasutacho chinali fodya wamba kapena fodya wamkulu, pakuti kawirikawiri wogulitsa ndi gulu locheza nalo amakhala omwewo. Ngati pali chamba, mowa, kujomba pafupipafupi, kapena mwana akuoneka wokhumudwa kwa nthawi yaitali, nkhaniyo yaposa ya m'kalasi. Kambiranani ndi ahedi ndi makolo kuti apite naye kuchipatala chapafupi. Kuno ku Mzuzu kulinso a St John of God, amene amathandiza anthu pa za thanzi la maganizo ndi kusiya mankhwala ozunguza bongo, ndipo mwana amene akuopa kulankhula ndi munthu maso ndi maso akhoza kuimba nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Poitana kholo, yambani mwafufuza ngati mwanayo sakamenyedwa koopsa akafika kunyumba; ngati chiopsezo chimenecho chilipo, mayi wa mother group kapena wachibale wina amene mwanayo amamukhulupirira akhalepo pa zokambiranazo.